Tepi ya Telala wa pa Santhe

Ndinamuyeza koyamba chaka chimene mvula inachedwa,
m'chiuno mainchesi makumi awiri ndi asanu ndi atatu,
Wedisoni wa kwa Chipwaila, manja akuda ndi phula la fodya wa ku esiteti.
Ankapita ku usilikali chifukwa kumeneko, akuti, nsapato n'zaulere.
Buluku anatenga pangongole.

Anabwera ndi mzere umodzi wa pamkono, kenako itatu,
ndinkasoka usiku koloboyi akufuka.
Nyenyezi yoyamba anaitulutsa m'kabokosi ka machesi
ngati munthu wonyamula dzira la nkhanga.

Tsiku lija wayilesi inameza nkhani
n'kuyamba kuliza malipenga a pelete mpaka nkhuku kulowa,
tinamva mawu ake akuwerenga malamulo:
anthu asaime atatu pamodzi,
dzuwa likalowa, chitseko chitsekedwe.
Mkazi wanga anati, si uja wa ngongole uyu?
Ndinaponda makina mwamphamvu kuti khonde lisamve.

Kuyambira pamenepo sankabweranso yekha.
Jekete linkafika pa galimoto yopanda nambala
ndi kapepala ka mawu amodzi: wonjezerani.
Makumi atatu ndi asanu.
Makumi anayi ndi awiri.
Mamendulo analemera mpaka thumba la pamtima kung'ambika,
ndinaikamo chigamba cham'kati, chosaoneka pa zithunzi.

M'thumba lina ndinapezamo mayina khumi ndi awiri.
Lachisanu linali la aphunzitsi Zgambo,
amene anamuphunzitsa kugawa manambala pansi pa mtengo wa muwanga.
Ndinapinda pepalalo momwe linalili.
Ndinasita kolala bwinobwino.
Loweruka njinga ya aphunzitsi inagona yokha pa chigayo,
inagonanso Lamulungu.

Zaka zisanu ndi zinayi.
Kenako malipenga omwe aja pa wayilesi,
koma wowerenga malamulo anali wina,
mnyamata amene ankamutsegulira chitseko cha galimoto.

Dzulo watsika pa kabaza, fumbi la msewu wa ku Kasungu m'nsidze,
jekete lili m'jumbo ya shuga.
Akuti ndilichepetse, alivale ku ukwati wa mdzukulu.
Tepi yazungulira n'kubwerera pomwe tinayambira:
makumi awiri ndi asanu ndi atatu.
Pamapewa pali timabowo tinayi uku, tinayi uku.
Wafunsa ngati tingatsekeke.
Ndamuuza kuti kaki saiwala singano.

Watulutsa ndalama, akuti ija ya buluku,
wawerenga kawiri, milomo ikuyenda ngati mwana wa sitandade wani.
Nthawi yomweyo mayi Zgambo amadutsa ndi thumba la chimanga
pa njinga ija, yopanda belu tsopano.
Anatipatsa moni tonse awiri.
Iye anayankha.
Ine ndinali ndi mapini m'kamwa.