Funso Lachinayi

Chiperoni chalowa pa zenera lopanda galasi,
chanyowetsa ngodya ya pepala langa.
A Namakhwa akuyendayenda, wotchi ili m'manja.
Funso lachinayi likuti:
Yerekezani momwe alakatuli awiriwa
afotokozera kukumana ndi mzukwa.
Malikisi khumi.

Woyambayo mzukwa wake ndi wamtali,
wafunda nsalu yoyera, mapazi sakugunda pansi,
agalu akuuwa, mwezi wabisala,
munthu wathawa mpaka kutaya silipasi.
Ndalemba kuti mlakatuliyu akufuna tiope.
Ndatola mvekero ziwiri, chibwereza chimodzi,
ndaziyala bwinobwino ngati tomato wa pamsika.

Wachiwiriyo ndi wofatsa.
Mzukwa wake ndi mkazi amene anatsogola,
wabwera m'maloto akununkhira sopo,
wakhala m'mphepete mwa bedi, sakuyankhula.
Ndalemba kuti apa mantha palibe, pali kupukwa.
A Muhiwa anatiuza chaka chonse:
kufanana kuwiri, kusiyana kuwiri,
umboni uchoke m'ndime, za kwanu musiye kwanu.

Koma onsewa mzukwa amaudziwa usiku wokha.

Ine achimwene anga a Layisoni ndinakumana nawo masana,
Lachiwiri, patatha masabata asanu chiwaikireni,
m'njira yodula m'tiyi yotulukira pa Boma pa Thyolo.
Ndinali nditasenza nthochi za amayi.
Belu la njinga linalira kumbuyo kwanga,
lija losasa mawu, lomanga ndi mphira,
ndipo ndinapatuka ndisanaganize,
monga ndinkachitira masiku onse.
Palibe chinadutsa. Fungo lokha:
thukuta, girizi, utsi wa chingambwe.
Kenaka mawu, osati a kumanda ayi,
mawu wamba, otopa, okwiya pang'ono:
"Esinala, pampu yanga munabwereka ndani?"

Azimayi othyola tiyi anapitiriza kuthyola,
madengu kumsana, zala zikuthamanga.
Kapitawo anayasamula.
Ine sindinathawe, sindinalire.
Ndinati, "Ili kwa a Dafutala,"
ndipo madzulo ake ndinapita kukaitenga.

Nanga chimenechi ndi chipangizo chanji cha ndakatulo?
Chifanifani si chimenechi,
poti sanali ngati achimwene. Anali achimwene.
Wochonga, kumene adzakhaleko ndi cholembera chofiira,
ali ndi pepala lake la mayankho,
ndipo pampu m'menemo mulibe.

Za njinga sanafunse.
Usiku ndimalingalira zimenezo kuposa mawu aja.
Mwina akudziwa kuti tinaigulitsa ku Luchenza,
kwa mnyamata wa kabaza wa dzino limodzi losweka,
ndipo ndalama zake ndi zimene zandikhazika pa desiki ino,
nambala yanga itamatidwa pakona ndi selotepi.
Mwina sakudziwa.
Mwina akuikwerabe, ndani angawaletse.

"Kwatsala mphindi khumi."
Mnzanga Felesiya akuluma chivindikiro cha bolopeni.
Wina kumbuyoko akutsokomola chifuwa cha Julaye.
Ndikulemba mwaukhondo, monga tinaphunzirira:
Pomaliza, alakatuli onse awiri aonetsa
kuti akufa sapita kutali,
wina mwa mantha, wina mwa chikondi.
Ndiye dzanja lapitirira lokha:
Koma onse aiwala kuti akufa amafunsa zinthu zawo.

Ndayang'ana mzerewo nthawi yaitali.
Ndaukhwatcha kamodzi kokha, mopepuka,
kuti wofuna kuwerenga awerengebe.

A Namakhwa atola mapepala, akunyambita chala powerenga.
Panja phiri silikuoneka, tiyi sakuoneka,
anzanga akufunsana, "Iwe unati woopsa ndi uti?"
Ine ndavala juzi ya achimwene, manja ake ndapinda kawiri.
Pampu ili kunyumba, kuseri kwa chitseko,
amayi amaipukuta akamasesa.
Ndilowera njira yomwe ija ya m'tiyi,
ndikuyenda chakumphepete,
pakati ndasiyapo malo.