Singano ya Boyila ku Nyambadwe

Anandiitana Lolemba, chiperoni chitameza phiri la Ndirande.
Mayi Nalikungwi anatsegula geti atavala majuzi awiri.
"Madzulo ndimadzaza," anatero, "singano imaima bwinobwino pakati.
M'mawa ndimaipeza yagona pa ziro
ngati yachokera ku mowa."

Nyumba yakalekale, ya makoma ochindikala,
mapaipi ake oyenda pansi pa simenti,
oyalidwa ndi anthu amene palibe akuwakumbuka.

Ndinayamba ndi zapafupi,
monga ankanenera a Likongwe pondiphunzitsa ntchito:
usagumule khoma usanafunse mpope.
Polumikizira paliponse ndinapukuta ndi nyuzipepala.
Youma. Pansi pa sinki, gwa.
Kuseri, pakamwa pa paipi yotayira,
ndinamangapo jumbo ya shuga
kuti valavu ikamalavula usiku, m'mawa ndipeze umboni.
Kathanki kofiira ndinakagogoda ndi sipanala,
ngo, ngo,
kulira kwa chinthu chomwe mpweya ukadalimo m'mimba.
Wakuba si ameneyu.

"Ndi a Wotabodi," anatero mnyamata wa m'munda.
Mu Blantyre muno mlandu uliwonse ndi wa a Wotabodi.
Koma madzi a m'boyila ndi otsekeredwa,
amazungulira okhaokha ngati magazi.
Akachepa, penapake pali bala.

Lachiwiri jumbo inali youma, nyerere ziwiri m'kati.
Singano pa ziro.
Ndinatseka mbali ya kuzipinda, n'kusiya ya pabalaza,
ndinakhala pa ndowa yovundikira maola atatu
maso pa geji, ngati wodikirira matenda ku Gulupu.
Sinasunthe.
Nditatsegula ya kuzipinda, tiyi asanathe m'kapu,
inayamba kuwerama.

Ndiye ndinavula nsapato.
Mapazi amamva zomwe tochi siona.
Simenti yozizira, yozizira, yozizirabe,
kenako mphaka, atadzipinda pafupi ndi khomo la kubafa,
wosafuna kupatuka.
Ndinamunyamula. Pomwe anagona panali pofunda
kuposa mmene mphaka angafunditsire,
polishi wofiira atatuwa, atatuluka timatuza.

"Amagona pomwepo zaka ndi zaka," anatero mayi.
"Bambo ankati analipira lendi."

Ndinafunsa kuti vutoli linayamba liti.
"Mu Epulo."
Anakonza kolala ya juzi yakunja, yaikulu, yachimuna.
"Bambo tinawaika mu Malichi."

Ndinabwerera kukachipinda ka boyila
kukatseka madzi ndisanayambe kuswa.
Kuseri kwake, pakhoma pomwe sipafika tsache,
tochi inapeza timizere ta pensulo,
tisanutisanu, tothithikana ngati mizere ya mbewu,
apo ndi apo deti,
zaka zinayi zathunthu,
kotsiriza pa naini Malichi.
Pensuloyo inali pomwepo, yomangidwa ndi ulusi ku msomali.

Munthu ankadzuka mbandakucha,
kutsegula kampope, kudikira singano ikwere,
kulemba kamzere kake,
n'kubwerera m'bulangete mapazi ali zii,
nyumba isanadziwe kuti ikukha.
Kaya ankaopa mtengo wa simenti,
kaya ankangokonda kukhala ndi chodzukira,
pensulo sinalembe zimenezo.

Sindinanene kuti akanandiitana kale.
Ndinangoti: dzimbiri laboola paipi pansi apa,
kabowo kosaposa njere ya mpiru.
Ndiswa pang'ono, thumba limodzi la simenti likwana,
Lachisanu singano idzagona ili chiimire.

Sanafunse mtengo.
Anali ataima pakhoma paja ndi tochi yanga,
chala chikutsika mzere ndi mzere,
milomo ikuwerenga osatulutsa mawu.
Panja chiperoni chinali chisanaleke.

Ndinatenga hamala ndi tchizulo, ndinagwada.
Mphaka anakhala chapatali pang'ono, mchira atakulunga mapazi,
akundiyang'ana ndikuswa malo ake.