Ufa wa M'zikhadabo

Ndimatuluka m'bekale ya pa Lumumba kukali mdima,
nsidze zili mbuu,
m'jumbo muli malofu awiri opindika amene bwana sangagulitse.
Tisiyenji wakulira malofu amenewo,
kapena ndinene kuti sanakule.
Yunifolomu ya giredi wani ikumukwanabe, zaka zitatu.
Mimba ng'oma, miyendo bango.
Usiku amake amamuunikira ndi foni njira ya kuchimbudzi,
katatu, kanayi.

Pa kiliniki ya ku Matero anati njoka. Tinamumwetsa.
Anati magazi achepa. Tinamumwetsa.
Malungo ayi, chifuwa chachikulu ayi, kachirombo ayi.
Mlamu wanga anayamba kutchula mayina a anansi.
Ine ndinkangowonjezera buledi m'mbale
kuti mwina nkunenepako.

Ku UTH, benchi litatidya matako kuyambira m'mawa,
Dokotala Nkhuwa, mayi wamfupi wa mawu otsika,
anafunsa: kodi amadya chiyani?
Kenako anayang'ana zikhadabo zanga.

Anati mu tirigu muli kanthu komata, guluteni.
Ndinati ndimakadziwa, ndi kamene kamatanula mtanda,
ndi kamene kamandilipirira lendi.
Anati kwa ena, asilikali a m'thupi akakaona
amayatsa moto pamudzi pawo pomwe.
Koma musamuleketse lero, bambo.
Wakuba timamugwira thumba lili paphewa;
mukasiya, magazi adzatibisira umboni.

Masabata amenewo sindiwafunira munthu.
Kudula buledi ukumukayikira,
mwana nkunena zikomo.

Magazi analoza chala, koma chala si chigamulo.
Anamugoneka tulo, kachubu ka diso kumutu
kanatsika kummero mpaka m'matumbo aang'ono,
nkutsinako kanyama kochepa ngati njere ya mpiru.
Tinadikiranso. Mvula inayamba, msewu wa kwathu unasanduka dambo.

Tsiku la zotsatira adokotala anajambula kuseri kwa khadi:
matumbo abwino ali ngati thaulo latsopano,
tiubweya tili njo, kuyamwa chakudya.
A Tisiyenji anali ngati thaulo latha ndi kuchapa.
Siliyaki.
Jakisoni palibe, piritsi palibe.
Tirigu, balere ndi abale awo, basi, moyo wake wonse.
Ubweya uja umeranso, anatero,
ndipo inu simunalakwe, simunadziwe.
Ndinagwedeza mutu. Manja ndinawabisa m'thumba.

Lero ali ndi mpeni wake, supuni yake, kabati kake.
Chinangwa, mbatata, mpunga, phala la mawere.
Amawerenga mapaketi mu shopu ngati wapolisi,
ndipo pa bethide ya mnzake analira panja.

Malofu opindika ndimapatsa kondakitala.
Ndikafika ndimayamba pa mpope,
sopo, burashi, chikhadabo ndi chikhadabo,
ndisanagogode pakhomo langa lomwe.

Dzulo ndinapeza amake ali ndi lezala pakhonde,
akumasula mpendero wa yunifolomu.