Kukhetsa Oyilo wa Ndaziona

Ayambe watentha, atero bambo.
Oyilo wozizira ndi wamakani,
satuluka yense, amasiya nsenga zake m'kati.
Choncho ndamuliza Ndaziona mphindi khumi
akutsokomolera utsi m'nkhungu ya chiperoni,
phiri litabisala,
minda ya tiyi ya ku Chitakale ikungooneka m'mphonje.

Ndazimitsa. Kwati zii.
Ndayala thumba la fetereza,
ndagona chagada kunsi kwa mimba yake,
chigubu chodula pakati chili pafupi ndi khutu langa.
Bambo akhala pa tayala lakutha.
Maso awo anachita ng'ala, chino ndi chaka chachitatu,
koma sipanala amaizindikira ndi kaliridwe.
Imeneyo si yake, Esinala,
udya mutu wa bawuti.
Tenga yokhota ija ndinaiwotcherera paipi.

Bawuti yakana.
Ndaipempha, ndaitukwana chamumtima,
ndaponda paipi ndi chidendene,
khwee, yalola.
Wabwera wakuda bii, wofunda,
watsetsereka pamkono mpaka pachigongono,
akununkha dizilo ndi misewu yonse ya chaka chino.

Thirakitala ameneyu anatsika sitima ku Beira
bambo asanamere ndevu.
Zaka makumi atatu anakokera ngolo za masamba ku fakitale,
ndipo esiteti itamutaya pa okishoni
bambo anapereka ndalama yonse yopumira ntchito.
Amayi sanawalankhule mwezi wathunthu.

Tsopano ku giyabokosi.
Kuno mabawuti ndi atatu, osati imodzi,
woiwala wachitatu wagwira ntchito ya theka.
Ndamasula yoyamba, ndangoti kakasi.
Ukuoneka bwanji? afunsa.
Mtengo wa malita makumi atatu wandidutsa m'mutu,
bodza lafika pa lilime,
ndalimeza.
Ngati tiyi wamkaka, bambo.
Wothira mkaka wambiri.

Madzi amenewo, atero.
Alowera pa labala wong'ambika wa ndodo ya giya.
Ndikudziwa tsiku lake:
mchimwene Lupiya anamusiya pamtetete ku Limbuli
usiku wonse mvula ikukhuthuka,
ngolo yodzaza nanazi, iye ali komwe anali.
Koma sinditchula.

Pamutu pa bawuti pali maginito
ndipo yamera ubweya wa chitsulo.
Ndaiika m'dzanja lawo.
Afikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala,
anunkhiza, akhala chete nthawi yaitali.
Awa ndi mano a giya yachiwiri.
Usamunenere mlongo wako,
anayamba kugweruka ali m'manja mwanga
pa chitunda cha ku Likhubula,
ndikuthamangira kukaweretsa kapitawo asanatseke buku.
Sindinauzepo munthu.

Mbiri ya oyilo wakutha imayenda msanga kuposa ya maliro.
A Muhowa afika kale ndi botolo,
akuti chiswe chawathera mizati ya khola.
Mayi Namwera akufuna wa m'chimbudzi.
Mnyamata wocheka matabwa waima patali ndi chitini,
akuchita ngati akungodutsa.
Bambo alamula: agawireni wakudayo,
koma dontho lisagwe pansi,
madzi a pano amathera m'chitsime cha anthu.

Kawashala kamkuwa kagwera m'chigubu.
Ndapisa dzanja mpaka m'mfundo,
ndikufufuza mumdima wofunda
monga bambo afufuzira ndodo yawo m'mawa.
Ndakapeza pakona.

Nditseke?
Ayi. Mvera.
Tho.
Tho.
Akadali kulankhula. Womaliza ndiye wonyamula litsiro.
Takhala choncho, iwo pa tayala, ine pa thumba,
nkhungu ikutinyowetsa tsitsi,
mpaka pakati pa dontho ndi linzake
padutsa njinga ziwiri ndi mayi wogulitsa kalongonda.

Oyilo watsopano tagula wa injini yekha.
Wa giya adikira Lachisanu, a nanazi akalipira.
Ndang'amba katoni, ndalemba ndi chala chakuda,
ndamangirira pachiwongolero ndi luzi:
MULIBE OYILO. OSALIZA.
Bambo akuti ndiwonjezere dzina la Lupiya pansi pake.