Mlomo wa Woimba Lipenga

Lachinayi m'mamawa, kwathu ku Chikanda,
Lufeyo anadzuka ndi mlomo wa munthu wina.
Wam'mwambawo unali utafufuma ngati mandasi a m'chiwaya,
wonyezimira, wolemera,
moti dzina langa linatuluka lopunduka:
"Ezelina, taona."

Ndinaona. Ndinasekanso, Mulungu andikhululukire.

Loweruka kunali ukwati ku Chinamwali,
ndalama ya chikole titadya kale,
theka ku lendi, theka ku nsapato za Ndaziona,
ndipo lipenga silimva chisoni,
limafuna mlomo wathunthu.

Anthu a pa mpopi sanachedwe kuzenga mlandu.
Mai Kalonjere anati ndi njuchi,
zija zimazungulira mango owola kuseri kwa bafa.
Tinafunafuna mbola, osaipeza.
Che Ajasi okonza njinga anati ndi dzino lobooka,
mafinya akasowa khomo amakwera m'mwamba,
koma mano a Lufeyo amasenda nzimbe mpaka lero.
Wina anati ndi usipa wa dzulo, wina anati mtedza,
wina tizilonda tija timatsalira malungo akapita.
Mlamu wanga anangondiyang'ana m'manja
kufuna kuona ngati chibakera chinali changa.
Ndipo wina, motsitsa mawu, anatchula mnyamata wa lipenga lachiwiri
amene akuti amasirira malo a kutsogolo.

Palibe anafunsa za timapiritsi toyera
tomwe anayamba kumwa mwezi watha
adokotala atati magazi akuthamanga.
Inenso sindinatiganizire.
Galu wogula wekha kuti akulondere
ungamuganizire kuti ndiye wakuluma?

Tinakulunga firizesi wa pa golosale m'kansalu,
tinaika pamlomopo.
Tinati tione mawa.

Usiku, magetsi atathima,
ndinamva mluzu.
Sunali wa mlonda. Unkachokera pambali panga,
pakhosi pa mwamuna amene akauzira ku Sadzi
a ku Mpondabwino amaimika malonda.
Ndinayatsa tochi ya foni:
lilime litadzaza mkamwa,
malovu akutsikira pachibwano, osamezeka,
maso okha akulankhula.

Sindinafunse munthu. Sindinavale nsapato.
Njinga yamoto ya mwana wa Che Ajasi,
atatu pa mpando umodzi,
Likangala tikungomumva mumdima,
ine nditakumbatira msana wa Lufeyo,
ndikuwerenga mpweya uliwonse ngati chenji cha pamsika,
kuopa kuti wina wandiperewera.

Ku chipatala chachikulu sanatiimike pa mzere.
Jakisoni. Mpweya wa m'chubu. Diripi.
Namwino wa mpata kumano, Mai Mtekama,
anatsegula kabuku kathu kothimbirira,
chala chake chinaima pa dzina la mapiritsi.
"Ndi awa. Ambiri amawayanja, ena amawatupitsa.
Sadzawamwanso. Timupatsa ena."

Kutacha, phiri litavula nkhungu,
anandipeza pa benchi, mapazi ali tuu ndi fumbi.
Anati: "Mlomo wodziluma, woombedwa ndi mpira,
wolumidwa ndi kachilombo, nthawi zambiri umaphwa wokha.
Uziziritseni, muuyang'anire.
Koma ukang'ambika mozama, ukamachucha mafinya,
thupi likatentha, ukakana kuphwa masiku awiri atatu,
bwerani tidzaone.
Tsono lilime likalowa nawo,
mawu akasasa, mpweya ukayamba kulira,
pamenepo musadikire tambala, mayi.
Mukanati mufunde bulangete..."
Sanamalize. Anaitanidwa ku bedi lina.

Loweruka anaimba mnyamata uja.
Akuti pokwera mawu anaphonya kawiri,
ndipo madzulo anabwera ndi theka la malipiro ake m'envulopu,
ndi nthochi za Ndaziona.

Lufeyo anakhala pakhonde tsiku lonse
zala zitatu zikudina bondo,
kuimba nyimbo yonse ya mkwatibwi popanda phokoso.

Tsopano m'mawa uliwonse, asanadzuke,
ndimauyang'ana mlomowo,
kamnofu kakang'ono kamene kamatilipirira nyumba,
kenaka ndimatchera khutu pachifuwa pake.

Mai Kalonjere mpaka lero amati inali njuchi.