Biti ndi Abiti

Kabenchi kanga kali kuseri kwa depoti ya Mangochi,
pakati pa mayi wa zigege ndi wowotcherera njinga za kabaza.
Ndimakonza mafoni. Chikwangwani chimati Dokotala Jawadu,
koma udokotalawo ndi wa miyezi isanu ndi umodzi
pa kasukulu ka chipinda chimodzi,
komwe ndinatolako liwu lomwe silinandichoke: biti.

Lachiwiri, dzuwa la Okutobala likufewetsa phula pamlatho,
anafika mayi wa ku Chowe, mikeka itatu pamutu,
foni ataikulunga m'kansalu ngati mankhwala.
"Uthenga unalowa ndili pamjigo.
Ndimati ndiumve, manja onyowa, foni phuvu! m'ndowa.
Ndi mawu a bambo a kwathu, ali ku Joni.
Chiyambire tsikulo nambala yawo sikupezeka."
Dzina? "Abiti Sumani."
Ndinaseka chamumtima: Abiti adzera mabiti.

Ndinatsegula, n'kupala dzimbiri ndi mswachi wa sipiriti,
n'kuzula kakhadi kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Anafunsa: munthu wamkulu, wandevu zake,
mawu ake akwana bwanji m'kanthu aka?

Ndinati, mayi, umu mulibe mawu.
Muli timafunso, mamiliyoni, tothithikana,
kalikonse koyankhidwa pawiri pokha:
eya kapena ayi, elo kapena ngwamba,
kuyaka kapena kuzima, monga achitira magetsi athuwa.
Kamodzi koteroko ndiye biti.
Sikadziwa mwina, sikadziwa tiona mawa.
Tikagwirana manja tisanu ndi titatu, chilembo chabadwa.

Anayang'ana katundu wake.
"Ndiye ndi mlaza umenewo," anatero.
"Pamwamba kapena pansi, kulibe kwina kolowera.
Koma ukamaliza pamatuluka maluwa, munthu n'kugonapo."
Zimene ine ndinalipirira fizi miyezi yonse ija
iye anazimaliza asanatule nkhata.

Kakhadi kanalowa mu laputopu yanga yothyoka kona.
Zithunzi zinapita. Nyimbo zinapita.
Kanatsala kauthenga ka masekondi asanu ndi anayi.
Kanayamba ndi tsss, ngati mbatata yogwera m'mafuta,
kenako mawu okhuthala, otopa:
"...ndibwera Ramadani ikatha. Ana uwauze."

Anandigwira mkono. "Bwezani."
Ndinabweza. Kasanu. Wa zigege anasiya kutembenuza.
Pomwe madzi analuma, poyambirira penipeni,
panali mpata wokwana munthu kukoka mpweya,
komanso wokwana si.
Ndibwera.
Sindibwera.

"Inu odziwa, ndi elo kapena ngwamba?"
Ndinati makina salota, mayi.
Biti yotayika si ziro, si wani,
ndi dzino loguluka, lilime limangopitapo.
Ndikanatha kunama, anzanga pamzerewu amanama,
koma pakhosi panauma.

Anakhala chete mpaka basi ya ku Namwera inadzaza.
Kenako anati, "Chiswe chikaboola mkeka pakati sinditaya.
Ndimalowetsapo mlaza wina."
Sindinafunse kuti wa mtundu wanji.
Sindinafunse chomwe ana akamve madzulo.
Anamanga kakhadi pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri,
foni yakufayo anandisiyira,
ndipo poti ndalama inali ya thiransipoti yokha
analipira ndi mkeka.

Ndimagonapo mpaka lero.
Magetsi akazima ndimauwerenga ndi chala mumdima,
pamwamba, pansi, pansi, pamwamba,
ngati ndingapeze uthenga womwe analukiramo.
Chakumutu kuli malo amodzi pomwe dzanja lake linaphonya,
mlaza unadumpha mnzake.
Chala changa chimaima pamenepo usiku uliwonse.
Ramadani inatha kale.
Mayi uja sanadutsenso pa depoti,
kapena anadutsa ine nditawerama pa foni ya wina.