Mbewa Nambala Sikisitini

M'sitima yapamadzi yochoka ku Kadıköy m'mawa
mwakhala amuna atatu, mitu ili m'mabandeji,
alendo odzabzalitsa tsitsi muno mu Istanbul.
Mphumi zatupa. Sakuyang'anana.
Ine tiyi wandizizirira m'kapu,
mtima uli pa mbewa yanga.

Nambala sikisitini.
Tidaitsekera njira imodzi yokha,
imene khungu limapangira mafuta ake. Basi.
Mwezi woyamba ubweya udali bii, wonyezimira.
Pofika wachinayi msana unali see, ngati chikhatho.

Pa maikulosikopu ndimaona kadzenje ka tsitsi limodzi,
ndipo chammbali mwake kachipinda
momwe timaselo tambewu timagona.
Tulo timeneti ndiye chuma chonse.
Mafuta ali ngati mlonda wonong'ona pakhomo:
gona iwe, nthawi yako sinakwane.
Mlonda akachoka timadzuka tonse,
kugawikana, kugawikananso, kuthamangira kunja
ngati ana asukulu belu likalira,
osasiyako ndi kamodzi komwe kodzadzuka mawa.
Kachipinda pululu.

Madzulo ndimadzera kwa bambo anga, a Hulusi,
amene agwira lumo zaka makumi anayi
pansi pa kalilole wothimbirira yemweyo,
dazi lawo likuwala kuposa babu.
Moyo wawo wonse akhala akuchapa mitu ya anthu
kawiri kawiri, ndi sopo wamphamvu,
amati mafuta m'mutu ndi litsiro la aulesi.

Ndikuwafotokozera za mlonda uja.
Akuseka mpaka kutsokomola.
"Ndiye kuti ine ndakhala ndikuthamangitsa alonda?"
Ayi bambo, mafuta ake si amenewo okha,
nkhani yake njakuya,
mwinanso munthu sali ngati mbewa.
"Nanga mbewa yakoyo idzandibwezera langa?"
Sindikuyankha. Akusesa pansi,
lakuda, la imvi, lofiirira, mulu umodzi.

Kenaka: "Nergis, takhala pampandopo."
Chipeso chikuyenda pang'onopang'ono,
chaima paliwombo,
pamene mzere wanga wayamba kutambasuka
chiyambire dzinja lathali.
Ndinkayesa palibe waona.

Chala chawo chokhakhala chikhudza pakhungu,
akuchinunkhiza, monga amachitira ndi aliyense.
"Pouma," akutero.
Sopo uja sakumutenga.

Mawa ndikadula khungu la sikisitini
mopyapyala kuposa khoko la anyezi,
ndikawerenge amene akadali mtulo.
Dzulo ndidapeza asanu ndi awiri.